Lekani kukwirira nguwe ndi penti ya Raptor

Mukaima m'mbali mwa Great East Road pakati pa Chipata Loweruka masana, simudikira nthawi yaitali musanaone imodzi: Hilux kapena Land Cruiser yakuda bii, thupi lonse lokhakhala ngati msana wa ng'ona, kuyambira ku bampa mpaka padenga. Anyamata amadukiza nkhani n'kutembenuka. Wina amatulutsa foni kuti ajambule. Ife tikuti musanasirire, yambani mwagogoda kunsi kwa chitseko.

Penti imeneyi ambiri amangoitcha Raptor, lomwe ndi dzina la mtundu umodzi wopangidwa ndi kampani ya ku Britain ya U-POL. Ena amati rubberising, monga amanenera ku South Africa. Malo ake enieni ndi kumbuyo kwa vaneti, kokhala katundu, ndipo kumeneko tilibe nayo mlandu. Aliyense amene ananyamulapo matumba a feteleza kupita nawo ku Chiparamba akudziwa zimene urea ndi D compound zimachita zikatayikira pachitsulo n'kunyowa ndi mvula. Onjezanipo makasu, pulawo, njerwa, ndi mbuzi yomangidwa miyendo imene sidziwa kudzigwira. Kuyala chikopa cholimba pamalo otere ndi nzeru.

Chimene tikukana ndi fashoni yopopera motoka yonse, makamaka tikaona chifukwa chimene ena akupoperera.

Chaka chatha, mvula ili pakati, tinachita haya vaneti kuti tikajambule mawu a alimi ku Chiparamba, a pulogalamu yathu ya pawailesi. Mwini wake ndi mnyamata wa msinkhu wathu. Anagulitsa soya wa zaka ziwiri, nawonjezera ngongole ya ku village banking, n'kugula motokayo kwa munthu wina wa m'tauni. Anaikonda chifukwa inkaoneka ngati ya asilikali. Tili m'njira, titangodutsa pachithaphwi, mnzathu amene anakhala kutsogolo anamva nsapato zikunyowa. Tinaima n'kukweza kapeti. Chitsulo cha pansi chinali chitafumbutuka ngati chikondamoyo chogonetsa, ndipo chimene chinatsala chikugwira ndi penti yokha ya kunsi, yokungika ngati chikopa cha ng'oma. Tinaiboola ndi kiyi. Mnyamata uja sanayankhule chilichonse mpaka tinafika.

Penti iyi sichiza nguwe. Opanga ake amanena okha kuti uyambe wachotsa nguwe yonse, utsuke mafuta, ukweche ndi sandipepa, upake primer paliponse pamene chitsulo chili poyera, kenako ndiye upopere. Kukonza kumeneku ndiko kumadya masiku. Kupopera kwenikweniko n'kwa maola ochepa chabe. Tsono munthu akakuuzani kuti bwana, bweretsani m'mawa mudzaitenga madzulo, mufunseni kuti wadumpha chiyani. Chikopa chopoperedwa pamwamba pa nguwe, kapena pa penti yonyezimira yosakwecha, sichimata. Chikangong'ambika pang'ono madzi amalowa, n'kukhala momwemo, pakati pa chikopa ndi chitsulo, miyezi yonse ya dzinja. Kunsi kwa zitseko kuli timabowo totulutsira madzi a mvula, ndipo wopopera wa changu amatitseka osadziwa n'komwe kuti tilipo.

Pa penti wamba nguwe imadziulula yokha. Pamatuluka matuza, mumawaona, mumathamangira kwa wowotcherera ndalama zikadali zochepa. Penti yokhakhala imabisa matuzawo mpaka bowo litakula. Imabisanso filler, zipsera za ngozi, ndi pamene anasokerera zidutswa za motoka ina. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma nkhuyu umatha kuing'amba usanadye. Vaneti ya mnzathu uja anaing'amba atalipira kale.

Ndipo musaiwale kumene motoka zathu zimachokera. Zambiri ndi zogwirako kale ntchito ku Japan kapena ku Britain, zolowera pa Dar es Salaam ndi Nakonde. Kumadera ozizira a maiko amenewo amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu kuti isaterere, choncho zina zimafika kuno nguwe itayamba kale kunsi. Zina zatha zaka zikuwoloka mitsinje ya ku Mfuwe. Munthu amene ali ndi motoka yotere ali ndi njira ziwiri: kulipira wowotcherera kuti adule pamene padyeka, kapena kugula mabotolo angapo a penti n'kukwirira. Njira yachiwiri ndi yotchipa, ndipo imakweza mtengo wogulitsira. Wogula nthawi zambiri sakhala makanika. Amakhala mlimi amene wakolola bwino kamodzi, kapena kopaletivu imene yasonkha ndalama za mabanja ambiri kuti ileke kulipira Canter ya eni ake pokagulitsa chimanga. Amenewa ndiwo akugwa m'mbuna.

Tikudziwa kale zimene mutiyankhe. Mukuti minga ndi nthambi zimakanda penti, nanga munthu woyenda m'tchire achite bwanji? Zoona. Amene amalowa m'tinjira ta ku South Luangwa tsiku ndi tsiku ali ndi chifukwa chomveka, ndipo akakonza chitsulo bwinobwino asanapopere, sitikangana naye. Koma tiyeni tinene chilungamo, abale. Motoka zambiri zokhakhala zimene tikuona ulendo wake ndi wochoka ku Kalongwezi kupita ku Kapata n'kubwerako. Tchire lalikulu limene zinalowapo ndi maluwa a pa car wash. Eni ake sakuuzani kuti fumbi lofiira limakanirira m'timaenje ta pentiyo mpaka anyamata otsuka afune bulashi, kapena kuti mu October denga lakuda limasandutsa m'kati kukhala uvuni wa mabanzi. Zimenezo n'zawo, aliyense ali ndi ufulu wovutika ndi ndalama zake.

Chimene sichili chawo ndi mapapo a mwana wa eni ake. Pitani mukaone mmene ntchitoyi ikugwiridwira m'magaraji ena a kuseri kwa nyumba. Mnyamata wa zaka 19 ali pansi pa mtengo wa mango, wamanga T-shirt kumphuno, utsi wa penti uli tolotolo, ana akusewera pafupi. Mankhwala oumitsira amene amasakaniza ndi pentiyi, aja amati hardener, ali ndi isocyanate, ndipo isocyanate imayambitsa mphumu. Thupi likangoikana kamodzi, ngakhale kafungo kochepa kamatha kum'banikitsa munthu, ndipo ntchito yopopera yathera pomwepo. Ku Britain komwe kumachokera Raptor, bungwe loona za chitetezo cha anthu pantchito la HSE limafuna kuti wopopera penti ya mtundu umenewu avale chovala kumaso cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi. Kamasiki kotsala pa nthawi ya Covid sikatchinga kanthu. Kumbuyo kwa vaneti kumatha mabotolo ngati anayi a lita imodzi. Motoka yonse imafuna kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo wopumira zonsezo ndi mnyamata yemweyo, osati bwana amene adzajambulitse chithunzi cha pa Facebook.

Palinso nkhani ya mapepala. Mtundu wa motoka umalembedwa mu white book. Yoyera ikasanduka yakuda, a RTSA ayenera kudziwitsidwa. Ndipo wopopera akakwirira nambala ya chassis, mudzatuluka thukuta tsiku losintha umwini, mukupala chikopa ndi mpeni pamaso pa woyeza.

Kwa inu amene mukusunga ndalama kuti mugule vaneti yoyamba: mukapeza yokhakhala thupi lonse, pemphani zithunzi za mmene inalili asanapopere. Wokonza moona mtima amakhala nazo, ndipo amanyadira kuzionetsa. Tengani makanika wanuwanu, osati wa wogulitsa. Kwezani makapeti, gonani pansi ndi tochi, kankhani ndi screwdriver m'makona a zitseko ndi pamwamba pa mawilo. Wogulitsa akayamba kunena kuti mukuwononga penti yake, bwezani ndalama m'thumba mukwere basi.

Vaneti ija tsopano ili kwa wowotcherera. Anauza mwini wake kuti asanayambe n'komwe kudula chitsulo, ayenera kuyamba wachotsa chikopacho ndi grinder, chifukwa chikapsa ndi moto chimatulutsa utsi woipa, ndipo kuchotsako kuli ndi mtengo wakewake. Soya wa chaka chino wapita kumeneko. Ngongole ya ku village banking akubwezabe.