KUOMBA M'MANJA SIKUKHUTITSA WOIMBA

Loweruka lina masana, anyamata asanu ndi mtsikana mmodzi adabwereka holo pa boma la Karonga kuti aonetse anthu chimbale chawo choyamba. Adatha miyezi yambiri akusonkha ndalama. Wina ankapalasa njinga yonyamula anthu, ija kuno timaitcha kago; wina ankathandiza asodzi kukoka makoka ku Ngara; wina adagulitsa thumba la mpunga limene makolo adampatsa atakolola. Nyimbo adakajambula ku Mzuzu, zikwangwani adamata m'mitengo, jenereta adabwereka poopa kuthima kwa magetsi. Nthawi yoyamba kuimba itakwana, m'holomo mudali mipando yokhayokha. Komatu anthu tidalipo. Tidali panja, ena m'mazenera, ena patsinde pa mango, kudikira kuti wapakhomo atope, atsekule chitseko, tilowe ulere. Atatopadi tidalowa, tidavina, tidaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Pobwerera tinkauzana m'njira kuti ana aja ali ndi luso. Iwo adatsala akuwerenga tindalama tosakwana n'kulipira komwe mwini jenereta.

Mlandu umenewu ndi wathu, ife makolo, ife Akhristu a m'maparishi a m'mbali mwa nyanja muno. Timakonda nyimbo koposa, koma woimba timamuona ngati mtengo wa m'tchire umene aliyense angathyoleko zipatso osauthirira. Akasauka timamseka. Akapita kokaimbira ku malo omwera mowa timamdzudzula. Akasamukira ku Lilongwe timati ndi wonyada, waiwala kwawo. Tisanamuweruze kachinayi, tiyeni tiyambe tadzifunsa chimene tidampatsapo.

Makolo athu sankachita chotere. Nkhondo itamenyedwa pa Karonga mu September 1914, ndiponso asilikali a kuno atabwerako ku nkhondo zija za azungu, anthu adatenga perete wa asilikali namsandutsa gule wawo, mapenenga. Adatenga zikho naziboola kuti zilire ngati malipenga, adavala zoyera zochapa bwino, nayamba kupikisana mudzi ndi mudzi. Aliyense amene adakulira kuno akudziwa kuti gulu la mapenenga likapita kukavina kwa anzawo, mudzi wolandira alendo umakonzeka: amayi amasinja mpunga, nthochi zimaphikidwa, chiweto chimagwa. Chimodzimodzi amayi a ndolo ndi oimba ng'oma za ndingala. Palibe ankayembekeza kuti munthu avine tsiku lonse ndi njala kenaka abwerere kwawo atanyamula zikomo yekha. Mudzi unkadziwa kuti gule ali ndi mtengo wake, ndipo unkalipira mosanyinyirika. Ife a masiku ano tasunga chilakolako cha gule, udindo wake tautaya.

Tisanamenso kuti kuno kulibe luso loyenera kulilipira. Umboni tidauona ndi maso. Mu 1997 Sisiteri Beatrice Chipeta, wa chipani cha Rosarian, adayambitsa bungwe losamala ana amasiye la Lusubilo, dzina limene m'Chinkhonde litanthauza chiyembekezo. Ntchito yake idadziwika kutali, kotero kuti mu 2010 adalandira mphotho ya Opus ku America. Chaka chomwecho mayi wina wa ku South Korea, Agnes Kim, katswiri wa nyimbo za opera amene adaimbapo m'mabwalo akuluakulu a ku Ulaya, adapuma pa ntchito yake yophunzitsa nadzakhala pakati pathu. Adasonkhanitsa achinyamata a m'midzi yathu yomweyi, nawaphunzitsa kuwerenga nyimbo papepala, kuliza malipenga a mkuwa, magitala ndi ng'oma. M'zaka zochepa Lusubilo Band idapambana mpikisano wa dziko lonse wa Chibuku Road to Fame, idatulutsa nyimbo ya Africa Inuka, idakaimba mpaka ku Korea. Anthu a ku Blantyre adadabwa kumva kuti gulu lotere lachokera ku mapeto a dziko, kufupi ndi Songwe.

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Adatinso mlendo ndi mame. Mawu awiri onsewa akutikhudza. Padafunika munthu wochokera kutsidya kwa nyanja zamchere kuti atisonyeze chuma chimene chidali m'nyumba mwathu. Ndipo chuma chotere sichingadalire alendo mpaka muyaya. Tidanyadira pamene ana aja ankatchulidwa pa wailesi. Koma ndi mabanja angati mwa ife amene adagula chimbale chawo ndi ndalama? Ndi makomiti angati a ukwati amene adati tiitane gulu la kwathu, tililipire mokwanira? Boma lino, malinga ndi kalembera wa 2018, lili ndi anthu oposa 360,000. Anthu ochuluka chotere sangalephere kudyetsa magulu oimba owerengeka, ngati atafuna.

Taonani njira imene nyimbo yatsopano imayenda. Woimba wa ku Kaporo akafuna kujambula bwino, kawirikawiri amakwera basi kupita ku Mzuzu, ulendo wa makilomita oposa 200 wodzera m'mapiri a Chiweta, mwinanso ku Lilongwe, makilomita oposa 500. Alipire ulendo, alipire malo ogona, alipire wojambula. Kale, m'masiku a makaseti, woimba ankapita ndi nyimbo zake kwa ogulitsa monga O.G. Issa ku Limbe, ndipo ngakhale ambiri ankadandaula kuti phindu lawo n'lochepa, kaseti iliyonse yogulidwa inkabweza kanthu. Lero nyimbo ikangotuluka m'mawa, pofika madzulo ili kale m'timashopu tothira nyimbo m'mafoni pamsika. Timapereka kandalama kwa mnyamata wa kompyuta, amatithirira nyimbo mazanamazana, ndipo mwini nyimbo salandirapo ngakhale tambala. Kenaka timatumizirana pa WhatsApp, tili ndi mtima woyera ngati tachita zachifundo.

Loweruka nyimbo yomweyo imalira pa ukwati. Pa perekaniperekani timaponya ndalama mpaka mbale kusefukira. Mwini zokuzira mawu walipidwa, wojambula zithunzi walipidwa, wokongoletsa holo walipidwa, wophika walipidwa. Amene adapeka nyimbo imene yavinitsa khamu lonselo ndiye yekha wosakumbukidwa. Mwina waima kunja kwa mpanda ndi njinga yake, kudikira wokwera. Dziko lino lili ndi bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze eni nyimbo ndi mabuku, ndipo lamulo la zaumwini wa ntchito zaluso lidakonzedwanso mu 2016. Koma lamulo la boma silingalowe m'thumba la aliyense. Ife tili ndi lamulo lina limene tidaphunzira pa katekisimu tili ana, lachisanu ndi chiwiri. Timaliwerenga bwino pa nkhani ya mbuzi ndi chinangwa cha mnansi. Chifukwa ninji timaliiwala pa thukuta la woimba?

Chomvetsa manyazi n'chakuti ndalama timazipeza mlendo akabwera. Pakamveka kuti woimba wotchuka wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe afika, matikiti odula amatha, anthu amachoka ku Uliwa ndi ku Nyungwe pa matola. Gulu la kwathu amaliika poyambirira, dzuwa likadali pamutu, anthu asanadzaze, malipiro ake mbale ya nsima ndi ndalama ya ulendo. M'minibasi ndi m'magolosale mukulira Bongo Flava ya ku Tanzania kuyambira m'mawa, ndipo ana athu amaloweza nyimbo za Diamond Platnumz asanadziwe ndi imodzi yomwe ya m'Chinkhonde kapena m'Chitumbuka. Sitikudana ndi nyimbo za anansi athu. Malire a Songwe ali pa makilomita osakwana 50, ndipo anthu a tsidya lino ndi tsidya lija ndi amodzi chiyambire kale. Koma oimba a ku Tanzania adakula chifukwa anthu a kwawo adawakonda nawalipira. Ife tikuthandiza kunenepetsa ng'ombe ya mnansi, yathu ili m'khola ikulira.

Tikudziwa zimene ena ayankhe. Adzati zoimbaimba za masiku ano n'zachikunja: zimachitika usiku, m'malo a mowa, kumene atsikana athu amaonongekera ndipo anyamata amaphunzirira chamba. Zoona zilipo pamenepa, ndipo kholo limene limaletsa mwana wake kupita kumalo otere silikulakwa. Tauni ya m'malire, yodutsa magalimoto akuluakulu usana ndi usiku, ili ndi misampha yambiri. Koma tifunse: adapereka oimba athu m'manja mwa mwini bala ndani? Mwini bala ndiye yekha amene amawaitana sabata ndi sabata, nawapatsa kanthu, ngakhale kochepa. Amawafuna kuti mowa uyende, tsono nyimbo zimene amafuna ndi zoyendetsa mowa. Amene amalipira ndiye amasankha nyimbo. Ife tidatseka maholo athu ndi matumba athu, kenaka tikudabwa kuti mwana wa kwaya wa dzana akuimba zolaula pakati pa usiku. Nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu.

Ena adzati ndife osauka. Inde, ndife osauka. Zivomezi za mu December 2009 ndi madzi osefukira a chaka ndi chaka sizidatisiyire zambiri. Koma umphawi womwewo sutiletsa kugula mayunitsi tsiku lililonse, kulipira pakhomo kuti tionere mpira wa ku England pa kanema, ngakhale kutaya ndalama pa juga ya mpira imene yadzaza m'misika. Mtengo wolowera pamene gulu la kwathu likuimba sufika ndi pa zimenezi. Enanso adzati oimba a kuno saimba bwino. Ena saimbadi bwino. Koma luso limakula ndi kuimba pamaso pa anthu kawirikawiri, ndi zida zabwino, ndi nthawi yokonzekera; ndipo munthu amene wapalasa njinga kuyambira mbandakucha alibe nthawi imeneyo. Tikufuna zipatso zakupsa pa mtengo umene tikuukana madzi.

Kuti parishi ingathe kusintha zinthu, Balaka ndi mboni. Mu 1978 achinyamata a pa parishi ya Balaka, motsogozedwa ndi Paul Banda ndiponso mothandizidwa ndi Bambo Mario Pacifici a chipani cha Montfort, adayambitsa Alleluya Band ndi zida zosaoneka bwino. Mpingo udawapatsa malo, udawakhulupirira, sudawathamangitse poona magitala. M'gulu limenelo mudatuluka Lucius Banda, amene adatisiya mu 2024, Charles Sinetre, Coss Chiwalo ndi ena ambiri. Ndipo kwa zaka zambiri dziko lonse linkavina kaimbidwe kotchedwa ndi dzina la Balaka. Katauni kamene kadalibe nyanja, kadalibe doko, kadasanduka likulu la nyimbo chifukwa anthu ochepa adaona kuti kuimba ndi ntchito. Nawonso Msonkhano Waukulu wa Vatican Wachiwiri, m'chikalata chake cha 1963 chonena za mapemphero, udalamula kuti nyimbo za makolo a mitundu ya anthu zilemekezedwe ndi kupatsidwa malo. Tingalemekeze bwanji nyimbo tikunyoza woziimba?

Zida tili nazo kale. Dayosizi ya Karonga, imene idakhazikitsidwa mu 2010, ili ndi wailesi yakeyake ya Tuntufye FM. Palinso Radio Dinosaur. Pa nyumba yosungiramo mbiri yakale, imene idatsekulidwa mu 2004, pali bwalo la magule ndi zisudzo. Ndipo maparishi ndi masukulu ali ndi maholo amene Lamulungu masana amangokhala otseka. Chatsala n'chiyani? Bungwe la parishi litsekule holo kamodzi pa mwezi, kuyambira 2 koloko mpaka dzuwa lisanalowe, popanda mowa, kuti banja lonse, agogo ndi adzukulu, lidzamvere gulu la kwathu. Pakhomo aliyense alipire, kuyambira wapampando wa bungwe; pasakhale za kuti ine ndine mlamu wa woimba ng'oma. Ndalama ziwerengedwe poyera, gawo la oimba liperekedwe tsiku lomwelo. Komiti ya ukwati ikamalemba za nkhuku ndi mpunga ilembenso za oimba. Tikapempha nyimbo pa wailesi, tipemphe ya mwana wa kuno. Ndipo pochita chikondwerero cha mpingo tileke chizolowezi chouza gulu loimba kuti ligwire ntchito ya Mulungu ulere, pamene wogulitsa matenti ndi mafuta a galimoto talipira osatsutsa.

Inunso ana athu oimba, tili nanu mawu. Mukalengeza kuti muyamba 2 koloko, yambani 2 koloko. Munthu amene walipira kuti akuoneni mukuimba asakupezeni mukungoyendetsa milomo pamwamba pa nyimbo ya m'kompyuta. Musataye nthawi kusanduka mthunzi wa oimba a ku Dar es Salaam kapena ku Lagos. Eni ake alipo kale, ndipo adzakuposani nthawi zonse. Chimene chidadabwitsa anthu pa Lusubilo chidali kumva malipenga a mkuwa akuyankhula ndi mawu a kuno. Kugunda kwa mapenenga, kwa ndolo, kwa ndingala, palibe wina pa dziko lapansi angakulandeni. Tipatseni nyimbo zimene mayi angamvere pamodzi ndi mpongozi wake osagwetsa nkhope, ndipo mudzakhala ndi mphamvu yotifunsa malipiro.

Pa 22 November timakumbukira Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba. Makwaya adzavala mayunifolomu, tidzaimba, tidzadya. Chaka chino tsikulo lisathere m'tchalitchi mokha. Tikatuluka, tikafunefune anyamata asanu aja ndi mtsikana uja, ngati sadagulitse kale magitala awo. Tili nawo ngongole ya Loweruka lija tidalowa ulere.