Musawaseke a Visual Basic

Mnzanga wina pa WhatsApp akuti anthu amene akudandaulabe za Visual Basic 6 ndi aulesi, angophunzira chinenero china basi. Ine ndakana, aise.

Mu 2002 Microsoft inatulutsa VB.NET. Dzina lofanana, koma m'kati mwake zosiyana, moti mapulogalamu ambiri akale ankafunika kulembedwanso. Mu 2005 akatswiri oposa 100, omwe Microsoft yomweyo inawapatsa ulemu wa MVP, anasaina kalata yopempha kuti VB6 isatayidwe. Kampani sinagonje. Pofika 2008 inasiyiratu kusamalira chida cholembera mapulogalamuwo.

Ndiye ulesi uli pati apa? Chinenero chatsopano umachiphunzira miyezi ingapo, watha. Chowawa ndi pulogalamu ya malipiro imene yagwira ntchito zaka 10 osavuta. Uilembenso yonse, zolakwika zatsopano zilowemo, kasitomala akane kulipira poti kwa iye palibe chasintha. Ndalama imeneyo atulutse ndani?

Chondinyansa kwambiri n'chakuti mu 2020 Microsoft inanenanso kuti VB.NET ija, yomwe inawakankhirako anthu, siiwonjezeranso zatsopano. Nanga amene anamvera n'kusamuka aja, mnzangawe, nawonso ndi aulesi?