Pakhomo Pathu: Kulira kwa Nkhululu



Mvula ikayamba kugwa, nkhululu zimasokosa usiku mpaka makutu kuwawa. Ambiri timayesa kuti zimalira ndi pakamwa, koma si choncho ayi. Yolira ndi yamphongo yokha, ndipo imakhulanitsa mapiko ake akutsogolo poitana yaikazi. Yaikaziyo imamva ndi timakutu tomwe tili pa miyendo yake yakutsogolo. Kunja kukatentha kulirako kumafulumira, kukazizira kumachedwa.

Nkhululu imakonda kukumba una m'dothi la mchenga ngati lathu la kunyanjali. Usiku imatuluka kukadula mbewu zanthete n'kuzikokera kuunako. Mukapeza chimanga chodulidwa m'tsinde, funani kamulu ka dothi chapafupi. Wakubayo ali pansi pomwepo.

Ana ku madrasa amatifunsa kawirikawiri ngati nkhululu ndi halaal. Za dzombe palibe mkangano, ndi lololedwa. Koma pa nkhululu ma ulama anasiyana maganizo. Mabuku odalirika a Shafi'i, omwe ambiri kuno timatsata, amati tisadye, pamene otsatira Imam Malik amaloleza. Choncho ife tizisiye, komabe tisanyoze mnansi wathu amene wakazinga zake.

Makolo, tichenjeze ana okonda kukumba mauna madzulo kuti asamapisemo dzanja. Una wina mumakhala njoka kapena chinkhanira, ndipo chipatala kwa ambirife chili kutali.

Allah atisunge tonse m'dzinja lino.