Mnzathu akati zii kunja, tisathamangire kunena kuti wayamba kunyada

Achinyamata anzathu, m'makalabu mwathu ambiri tili ndi mnzathu kapena mbale amene anapeza mwayi wokaphunzira ku koleji ya ku Britain kapena ku Ireland. Amanyamuka mu Seputembala ali wosangalala. Amatumiza zithunzi, amayimba foni. Koma pofika Disembala amangoti zii. Uthenga sayankha, ndipo akayankha amangoti "ndatopa". Ife kuno timayamba kunong'onezana kuti munthu uja wayamba kunyada, watiiwala. Ife alangizi a zaumoyo tikuti tiyambe taima kaye, chifukwa mwina mnzathuyo akudwala.

Kuli matenda okhumudwa amene amabwera ndi nyengo yozizira. Madokotala amawatchula kuti Seasonal Affective Disorder, mwachidule SAD. Anawafotokoza koyamba mu 1984 ndi Dr Norman Rosenthal ndi anzake ku America. Gwero lake lalikulu ndi kuchepa kwa kuwala kwa dzuwa. Kuno ku Malawi usana umakhala wa maola pafupifupi 11 mpaka 13 chaka chonse. Ku London mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8 koloko m'mawa n'kulowa 4 koloko isanakwane. Ku Glasgow usana umangokhala wa maola 7. Wophunzira amapita m'kalasi kuli mdima, amatuluka kulinso mdima.

Thupi la munthu limadalira kuwala kuti lidziwe nthawi yogona ndi yodzuka. Kuwala kukachepa, mchere wa m'thupi wotchedwa melatonin, umene umabweretsa tulo, umasokonekera, ndipo wina wotchedwa serotonin, umene umathandiza kuti munthu akhale wosangalala, sugwira bwino ntchito. Zotsatira zake munthu amagona kwambiri koma osatsitsimuka, amalakalaka zakudya zotsekemera ndi zokhutitsa, amalephera kuika maganizo pa zowerenga, ndipo safuna kuonana ndi anthu. Matendawa amakonda kuyamba munthu akadali wachinyamata ndipo amagwira akazi ambiri kuposa amuna.

Ndiye taganizirani mwana wa kwathu amene ali yekhayekha m'chipinda, mayeso ali pafupi, chakudya chachilendo, kwinaku abale akumutumizira mauthenga opempha ndalama za feteleza. Iye akuchita manyazi kunena kuti zinthu sizili bwino chifukwa aliyense akumuona ngati wodala. Ena amayamba kumwa mowa kuti aiwale. Amene ali pa ma ARV akhoza kuyamba kudumphitsa mankhwala, pakuti munthu wokhumudwa amasiya kudzisamala. Ena amafika poganiza zodzipha. Apa ndi pamene ife timati kutchula munthu wotere kuti waulesi kapena wolodzedwa ndi kumukankhira kuphompho.

Ena anena kuti, "Nanga ife tikuvutika ndi njala, iye akudandaula za dzuwa?" Njala ndi vuto lenileni, palibe akukana. Koma matenda sasankha kuti uyu ali pabwino. Munthu wa malungo sitimufunsa chifukwa chake akudwala pomwe kwawo kuli chimanga.

Chosangalatsa n'chakuti thandizo lilipo. Wophunzira ayesetse kutuluka panja masana aliwonse ngakhale kuli mitambo, akhale pafupi ndi windo powerenga, azichita masewero olimbitsa thupi ndi kudzuka nthawi yofanana tsiku lililonse. Kuli nyale zapadera zowala kwambiri zimene munthu amakhala pafupi nazo kwa mphindi pafupifupi 30 m'mawa. Boma la Britain limalangizanso anthu kumwa vitamini D kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo anthu akhungu lakuda ngati ife amalangizidwa kuganizira zomwa chaka chonse, pofuna kuteteza mafupa. Ngati kukhumudwa kwapitirira masabata awiri, akaonane ndi dokotala kapena aphungu a pakoleji. Uphungu ndi mankhwala zimathandiza. Amene akuganiza zodzipha ku Britain kapena ku Ireland akhoza kuyimba 116 123, nambala yaulere ya bungwe la Samaritans, usana kapena usiku.

Nanga kuno kwathu? Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikagwa ku Blantyre, Zomba ndi Thyolo, ambiri timafooka n'kumafuna kungofunda bulangeti. Popeza usana wathu sufupika kwambiri, SAD siwofala kuno. Komabe matenda okhumudwa alipo pakati pa ophunzira athu nyengo ina iliyonse, chifukwa cha fizi, mayeso ndi mavuto akunyumba. Mnzanu akasintha khalidwe, muperekezeni kuchipatala cha pafupi. Akaona kuti n'kofunika amutumiza kwa akatswiri monga a ku Zomba Mental Hospital kapena St John of God ku Mzuzu.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Tikupempha kalabu iliyonse kuti ilembe mayina a anzathu amene ali kutali ndi kugawana masiku owayimbira, makamaka kuyambira Novembala mpaka Febuluwale. Poyimba tisayambe ndi nkhani ya ndalama. Timufunse ngati akugona bwino, ngati akudya, ngati watuluka panja lero, kenako timumvetsere mpaka amalize.