Kope la mawu akuluakulu silikhozetsa MSCE

Sabata yatha mnyamata wina wa Fomu 4 anandipatsa chimangirizo chake cha Chingerezi kuti ndimuonere asanakapereke kwa aphunzitsi ake. Ine si mphunzitsi wa Chingerezi, koma ana amadziwa kuti ndimakonda zowerenga. Chiganizo choyamba chinali chakuti: "My father is a ubiquitous farmer." Nditamufunsa chimene ankafuna kunena, anati bambo ake ndi mlimi wodziwika m'mudzi monse. Komatu mawu akuti "ubiquitous" amanena chinthu chongopezeka paliponse, ngati udzudzu m'dzinja. Mwanayo anawasandutsa udzudzu bambo ake asakudziwa.

Kenako ananditulutsira kope lake. Munali mawu oposa 300, ondandalikidwa kuyambira A mpaka Z, aliwonse ndi tanthauzo limodzi pambali pake. Onsewo anawaloweza. Makope otere ali m'zikwama zambiri pasukulu pano, ndipo maganizo anga ndi akuti akuwadyera ana athu nthawi imene alibe.

Mantha awo ndikuwamvetsa. MANEB sipereka setifiketi ya MSCE kwa munthu amene walephera Chingerezi, ngakhale atakhoza masamu bwanji. Wofuna yunivesite ya boma amafunika makirediti 6, ndipo Chingerezi chikhale pomwepo, kutanthauza giredi 6 kapena yoposa pamenepo. Komanso mafunso a Biology, Geography ndi Agriculture onse amabwera m'Chingerezi. Agogo athu ambiri sanatumize ana kusukulu zamishoni poopa kuti akasiya chipembedzo, ndipo takhala tikutsalira kwa zaka zambiri. Lero tili ndi sukulu yathuyathu. Tisalole kuti chiyankhulo chititsekerenso khomo.

Vuto si kuloweza ayi. Ife amene tinakulira pamphasa ya madrasa sitinganyoze kuloweza. Koma amene anapitirira mpaka kuphunzira sarf akukumbukira tsiku limene Chiarabu chinatseguka. Mwalimu analemba zilembo zitatu, kaf, ta ndi ba, nati apa pali kulemba. Kuchokera pamenepo kitab ndi buku, katib ndi mlembi, maktab ndi malo olemberapo, maktaba ndi nyumba ya mabuku. Muzu umodzi, mawu ambirimbiri. Chichewa chathunso chimatero: kulemba, mlembi, chilembo, kalembera.

Mawu ambiri a Chingerezi amene ana amawatcha ovuta anachokera ku Chilatini ndi Chigiriki, ndipo nawonso ali ndi mizu. Muzu wa kulemba ndi "scrib" kapena "script". Ukaudziwa, "prescription" ndi zimene dokotala wakulembera, "manuscript" ndi zolembedwa pamanja, "inscription" ndi zolembedwa pamwala kapena pachipupa. "Port" ndi kunyamula: "export" kutumiza katundu kunja, "import" kumulowetsa, "portable" chonyamulika. Mwana wodziwa mizu 30 ndi timawu tapatsogolo monga "pre", "sub", "anti" ndi "mis" akakumana ndi mawu achilendo m'ndime ya mayeso amatha kuwang'amba n'kuyandikira tanthauzo. Wa kope uja akapeza mawu amene sanawaloweze, amangoti kakasi.

Pali mawu ena amene sindinawaone m'kope la mnyamatayo, chikhalirecho ndi amene amagwetsa anthu: mawu ofunsira mafunso. "State" akufuna ungotchula. "Describe" akufuna unene mmene chinthu chilili. "Explain" akufuna chifukwa chake. "Distinguish" akufuna kusiyana kwa zinthu ziwiri. Ndaonapo ana m'mayeso anga omwe akudzaza tsamba lonse ndi zoona zokhazokha, koma ayankha funso limene silinafunsidwe.

Mnzanga wina muofesi ya aphunzitsi anandiuza kuti mawu apamwamba amakometsa chimangirizo. N'zoona, sindikutsutsa. Koma mawu amakoma akakhala pamalo pake. Wochonga mayeso ali ndi mulu wa mapepala, ndipo akaona "ubiquitous farmer" amadziwiratu kuti mwanayu wavala malaya obwereka. Chiganizo chachifupi cholondola chimaposa chachitali chopunduka.

Ndiye ndikupempha izi. Ophunzira, mawu asanu patsiku akukwanira, ndipo achokere m'zimene mukuwerenga, kaya ndi buku la Literature kaya nyuzipepala. Mukopere chiganizo chonse chimene mwawapezamo, kenako mupange chanu chonena za kwanu. Muziwabwereza monga timachitira muraja'a: mawa lake, pakatha masiku atatu, pakatha sabata. Mukudziwa nokha kuti sura yosabwerezedwa imathawa. Nthawi yochoka ku Fajr mutu umakhala wopepuka, mphindi 15 zokha n'zokwanira.

Makolo, simufunika kudziwa Chingerezi kuti muthandize. Nyuzipepala yakale ya The Nation kapena The Daily Times, musanakulungire usipa, mwana ayambe waiwerenga. Nkhani za Chingerezi zikamaulutsidwa pa MBC, muuzeni amvetsere, akatha akufotokozereni m'Chichewa kapena m'Chiyao. Akalephera kukufotokozerani, ndiye kuti sanamve, ngakhale atakutchulirani mawu otalika bwanji.

Akuluakulu a komiti ya mzikiti, pempho langa kwa inu ndi la madikishonale. Amene tili nawo ndi ochepa, ena masamba anathothoka, ndipo timadikishonale tam'thumba timene ana amagula timangopereka tanthauzo limodzi popanda chitsanzo. M'menemo ndi mmene mumabadwira alimi a "ubiquitous". Oxford Advanced Learner's Dictionary imaonetsa mawu ali m'chiganizo, ndi anzake amene amayenda nawo. Kalasi iliyonse itakhala ndi awiri okha, zingasinthe zambiri. Tikamakonza ndondomeko ya ndalama za teremu ikubwerayi, chonde nkhaniyi ilowe nawo.

Mnyamata uja tinakhala naye pansi n'kufufuta chiganizo chake. Analemba kuti bambo ake ndi "a well-known farmer", ndipo anadandaula kuti mawuwo ndi a ku pulayimale. Ndamuuza kuti Lachitatu tikatha Dhuhr abwere ku laibulale ndi kope lake lija, tikalisanje potsata mizu. Wina aliyense wa Fomu 3 ndi Fomu 4 amene ali ndi kope lotere abwere nalo.