Nkhodolero isafere m'manja mwa olemba mapulogalamu

Mwana wa sitandade 3 amasiyanitsa m'bale ndi mbale. Woyambayo amadya nsima, inayo ndiyo chodyeramo, ndipo polemba kusiyana konseku kumanyamulidwa ndi kachizindikiro kamodzi, nkhodolero. Chiyankhulo cha JavaScript, chimene Brendan Eich adachikonza ku Netscape mu 1995, sichidziwa zimenezi. Kwa icho nkhodolero ya pa kiyibodi ndi mtengero wotsegulira mawu. Wolemba pulogalamu akafuna kusunga za banja mu object, akhoza kulemba banja.mbale osavutika, koma banja.m'bale imakanidwa pulogalamu isanayambe n'komwe. Ng'ombe, ng'oma ndi m'mudzi zimakanidwanso pa chifukwa chomwecho.

Ambiri akakanidwa chotero amangofufuta nkhodoleroyo n'kupitiriza ntchito. Ndi njira yachidule, koma mapeto ake ndi oipa. Dzina la property silikhala m'khodi mokha. Limatuluka kudzera mu JSON, limasanduka mutu wa ndandanda, tsiku lina n'kupezeka pa fomu yosindikiza imene mayi wa ku Katete kapena ku Angónia akuiwerenga. Pamenepo ng'oma ya gule yasanduka ngoma, nyama ya m'tchire ya nyanga zopotana, ndipo palibe amene adakhala pansi kugwirizana kuti zikhale choncho.

JavaScript yomweyo ili ndi khomo lina. Dzina lolembedwa m'mitengero ndi m'mikutiro, monga banja["m'bale"], limalandiridwa mmene lilili, pakuti malamulo okhwima a maina amagwira dzina lobwera pambuyo pa kadontho lokha. Khomo limeneli nalo lili ndi msampha. Closure Compiler, imene Google idatulutsa poyera mu 2009, ikamachepetsa khodi pa mlingo wake wapamwamba imafupikitsa maina a kadontho kukhala a kapena b, koma a m'mitengero siiwakhudza. Amene walemba banja.mbale pamwamba ndi banja["mbale"] pansi amakhala kuti wapanga zinthu ziwiri zosadziwana. Choipa kwambiri n'chakuti JavaScript sidandaula ikafunsidwa property imene kulibe. Imangoyankha kuti undefined, mwaulemu ngati mpongozi, pulogalamu n'kumayendabe ndi dzenje mkati.

Ena ochenjera adapeza kuti Unicode ili ndi nkhodolero ina, U+02BC, imene imawerengedwa ngati chilembo, choncho JavaScript ndi Python 3 zimailola m'dzina. Pa sikirini ikufanana ndi inzake ija, ndipo vuto lili pomwepo. Mnzake wa ku Lusaka akatsegula khodiyo adzalemba nkhodolero imene ili pa kiyibodi yake, pulogalamu idzakana, ndipo adzataya madzulo onse akuyang'ana mizere iwiri yooneka yofanana. Nzeru imeneyi ndi yabwino kuonetsera pa msonkhano, koma siyenera kulowa m'khodi yogwiriridwa ndi anthu ambiri.

Chilembo cha ŵ nkhani yake ndi ina. Ziyankhulo ziwiri zonsezi zimachilola m'maina, koma kompyuta ikhoza kuchisunga m'njira ziwiri: ngati chilembo chimodzi, U+0175, kapena ngati w wotsatana ndi kachipewa kake, U+0302. Python 3, imene idatuluka mu 2008, imagwirizanitsa njira ziwirizi powerenga maina a m'khodi. JavaScript siitero, moti Malaŵi wolembedwa pa foni ina akhoza kukhala mlendo kwa Malaŵi wolembedwa pa kompyuta ina. Mankhwala ake alipo kuyambira 2015, normalize("NFC"), ndipo ndi oyenera kuthiridwa pa mawu alionse olowa kuchokera kunja. Mkangano wakale uja, wakuti kaya ŵ azilembedwa kaya ayi, compiler siingauthetse. Ndi wa eni chiyankhulo.

Alipo amene amati zonsezi ndi umboni wakuti khodi izingolembedwa m'Chingerezi. Pa ntchito yogawana ndi anthu a ku Nairobi kapena ku London mawu awo ndi omveka. Koma wophunzira amene akuona ndalamaZotsala amamva msanga chimene pulogalamu ikuchita kusiyana ndi amene akulimbana ndi ziyankhulo ziwiri zachilendo nthawi imodzi, ndipo maina ochuluka a Chichewa, monga dzina, zaka, mudzi ndi mfumu, amalowa bwinobwino popanda chovuta chilichonse. Zovuta zili pa mawu ochepa chabe. Pa mawu amenewo, dzina la mkati mwa khodi lisankhidwe lopanda nkhodolero, wachibale m'malo mwa m'bale, mudzi m'malo mwa m'mudzi. Pamene palibe mawu ena, monga pa ng'ombe, dzinalo lilembedwe m'mitengero paliponse pamene likupezeka, ndipo gulu lonse ligwirizane zimenezi mzere woyamba usanalembedwe. Mawu alionse amene adzaonekere kwa wowerenga asungidwe padera, ndi nkhodolero yake ndi kachipewa kake, monga mmene mphunzitsi wa Chichewa akadawalembera pa bolodi.