Mlandu wa nthata usagwere mphaka yekha

M'dzinja lapitali ndinagona masiku atatu kwa mlamu wanga ku Chelstone, mu mzinda wa Lusaka, ndipo ndinabwerako miyendo ili zidzolo zokhazokha ngati ndadutsa m'citedze. Nyumbayo ndi ya njerwa, ya kapeti ndi masofa, koma munthu akangokhala pansi tizilombo takuda tinali kumdumphira m'mapazi. Zinali nthata. Ndinapeza banja lonse litaweruza kale mlandu kuti wolakwa ndi mphaka. Mlamu wanga anagula kabotolo kopanda dzina kwa mnyamata wina wogulitsa mankhwala a makoswe m'mbali mwa msewu m'tauni, nasambitsa mphakayo ndi mankhwalawo. Mphaka ananjenjemera usiku wonse, thovu lili kukamwa, m'mawa nafa. Patapita mlungu umodzi nthata zinalusa koposa kale, pakuti zinalibenso kwina kokadya koma pa ana.

Ndakulemberani izi inu abale a kumudzi cifukwa kulakwa komweku timakucitanso ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi, kumene botolo la dibi ya ng'ombe lili pafupi. Ine ndikuti kupha kapena kutaya mphaka cifukwa ca nthata ndi kutaya mlonda wa nkhokwe, nthata n'kutsala nazo ndithu.

Tiyambe tamdziwa mdaniyu. Nthata si utitiri wa m'khola la nkhuku, sinso nsikidzi zobisala m'bedi. Nthata yaikazi ikayamwa magazi a mphaka kapena galu imaikira mazira ofika 40 kapena 50 pa tsiku. Mazirawo samamatira ku ubweya ai, amayoyokera pansi paliponse pamene ciweto cagona: pamphasa, pasofa, pasaka la cimanga. M'masiku owerengeka amaswa timphutsi todana ndi kuwala, timene timalowa m'ming'alu ndi m'fumbi la pansi pa bedi. Kenaka kamphutsi kalikonse kamadziluka cikwa, ndipo m'cikwamo nthata ikhoza kudikira miyezi, kufikira itamva kutentha kwa thupi kapena mgugu wa mapazi. Ndico cifukwa cake anthu olowa m'nyumba ya lendi ku Woodlands kapena ku Kabulonga, imene inakhala yotseka mwini mphaka atasamuka, amalandiridwa ndi nthata tsiku loyamba lomwe. Ena amafulumira kunena za ufiti, komatu ndi zikwa zoswa cabe. Akatswiri a ziweto amati pa nthata 100 za m'nyumba, zimene zili pa ciweto ndi ngati 5 zokha. Zina zonse ndi mazira, timphutsi ndi zikwa zili pansi.

Tsono nchito yaikulu ili pansi pomwepo. Sesani tsiku ndi tsiku, makamaka m'ngodya ndi pansi pa mipando, ndipo zinyalalazo muzitenthe, musazitaye kuseri kwa nyumba kumene mphaka amaothera dzuwa. Mabulangete ndi nsanza zogonera ziweto zicapidwe ndi madzi otentha mlungu uliwonse, mphasa ziyanikidwe padzuwa lamphamvu. Amai a kumudzi ali ndi cida cimene a m'tauni alibe: kuzira nyumba. Dothi latsopano limatseka ming'alu ndi kukwirira timphutsi. Citani izi miyezi itatu osalekeza, pakuti mankhwala opopera salowa bwino m'cikwa.

Za mphaka mwiniyo ndiyenera kunena mosabisa. Dibi ya ng'ombe, parafini, oilo wakuda wa galimoto ndi mankhwala a thonje zimapha mphaka. Ngakhale mankhwala ena a agalu, amene ali ndi permethrin, ndi ululu kwa mphaka, cifukwa ciwindi cake sicitha kuwasungunula, ndiponso iye amadzinyambita thupi lonse. Alipo mankhwala opangidwira amphaka, a fipronil kapena imidacloprid, odonthezera pakhungu kumbuyo kwa khosi kamodzi pa mwezi. Amapezeka kwa madokotala a ziweto, ndipo wokhala mu Lusaka akhoza kufunsa ku sukulu ya za ziweto ya Samora Machel pa Yunivesite ya Zambia, m'mbali mwa msewu wa Great East. Kamwana ka mphaka kamangofuna madzi ofunda, sopo wamba ndi cipeso ca mano othinana. Ziweto zonse za pakhomo zithandizidwe pamodzi. Ku mafulati a ku Kabwata, kumene amphaka amayenda khomo ndi khomo, anansi apangane tsiku limodzi, poti cala cimodzi siciswa nsabwe.

Wina adzati: ndalama zogulira mphaka mankhwala ndizitenga kuti, pamene feteleza sindinagule? Funsoli ndi loona, sindilipeputsa. Koma tiyeni tiwerengenso mtengo wa mudzi wopanda amphaka. Makoswe akaculuka sangodya cimanga cokha. Ali ndi nthata zaozao, ndipo izo ndizo zimanyamula mliri wa makoswe. Mliriwu si nthano ya maiko akutali. Unabuka ku Namwala mu 1997, ku Nyanje mu 2001, ndiponso m'boma la Nyimba mu March 2015, kumene anthu atatu anamwalira. Ambiri mwa odwala ku Nyimba anali ana, ndipo poyamba matendawo anaoneka ngati malungo. Ku Madagascar mu 2017 mliri womwewu unapha anthu oposa 200.

Apa pali lamulo limene a zaumoyo amalinena kawirikawiri koma ife timaliiwala: yambani kupha nthata, makoswe pambuyo. Khoswe akafa ndi kuzizira, nthata zake zimamthawa kukafuna magazi ena, ndipo magazi apafupi ndi a mwana wogona pamphasa. Mukaona makoswe akufa okha popanda msampha, musawagwire ndi manja, musalole mphaka kuwadya, pakuti nayenso amadwala mliriwu, ndipo kauzeni a ku cipatala tsiku lomwelo. Munthu wotentha thupi amene watuluka mwanabele wopweteka m'khwapa, m'khosi kapena m'mphecepece asadikire kuti kuce kawiri. Mankhwala ake alipo ndipo amaciza ngati wafika msanga.

Ndipempha alangizi a ziweto m'maboma athu kuti pa misonkhano ya katemera wa ciwewe, pamene agalu ndi amphaka asonkhana kale, azinenako mau awiri pa za nthata. Ndipemphanso bungwe la ZEMA, limene lili ndi udindo woyang'anira mankhwala ophera tizilombo, pamodzi ndi makhonsolo, kuti acotse m'misewu timabotolo topanda maina tija.

Ku Chelstone nthata zinatha itapita miyezi itatu ya tsace ndi madzi otentha. Pofika nthawi imeneyo makoswe anali atalowa m'denga ndi kuboola masaka awiri a cimanga cimene apongozi anatumiza kucokera ku Chipata, ndipo mlamu wanga ali kufunsafunsa kwa anansi ngati alipo amene mphaka wake waswa.